Mutu wa Vasili Taulozetsa Kumtunda

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji masiku ano?

Ndikufunsa mtima uli m'mwamba, chifukwa Lachiwiri lapitali tidakubweretserani mlendo osayamba takuuzani. Tamugoneka chakumiyendo kwanu, pafupi ndi msangu uja. Mukamva munthu akulankhula ngati ali ndi mbatata yamoto mkamwa, musathamange kukadzutsa agogo. Ndi mkamwini wathu, dzina lake Vasili. Ndi mzungu, koma si wa Boma, si Mpwitikizinso ayi. Ndikufotokozerani zonse, muweruze nokha.

Poyamba za pamudzi. Kwa Mlolo kuno tilipo. Madzi chaka chino adafika mpaka pankhokwe ya mwana wanu Kampira, amene mano adatha mkamwa koma makani sadasiye. Mapira tidakolola ochepa, zatisunga ndi mbatata zakudimba. Thonje lija munkapota pakhonde tsopano tikulima minda yathunthu, azungu nkumalinyamula panjanji, ife nkutsala ndi misana yowawa. Sitima zapamadzi zija mudaziona zikuyamba kubwera, masiku ano zimangotitimira mumchenga. Mkazi wa Kampira wachiwiri adabereka mapasa, onse mphuno ya bambo wawo, tsoka lawo. Mwana wanga Nsiku mudamulandira kale, chimfine chija chidabwera nkhondo itatha ndicho chidamutenga. Adandisiyira mtsikana, Jowana, amene ndidalera ndekha. Nkhani yonseyi mwini wake ndi iyeyo.

Vasili adatulukira chaka cha njala, chija tinkamira m'dambo kuzula nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi, kuti tidye. Adatsika m'sitima yochokera ku Chinde, nsapato imodzi atamanga ndi waya, nkupeza ntchito yokonza makina ochotsa njere za thonje ku Chiromo. Nditangomuona ndidati apa pali chinthu. Mzungu wanji wopempha fodya kwa opalasa ngalawa? Mzungu wanji amene anzake samuitana kukamwa tiyi? Ndidaganiza ziwiri: mwina adapha munthu kwawo, mwina adatumidwa kudzazonda amuna othawa thangata.

Atayamba kumaima padooko nthawi imene Jowana amatunga madzi, ndidamuitanitsa. Inu munkandiuza kuti mwamuna wofuna mwana wako usataye nthawi kumuyang'ana nkhope, umufunse za kwawo masiku osiyanasiyana, uone ngati mudziwo ukhala pamalo amodzi. Ndidachita zomwezo. Pokhala gogo, mwambo umandilola kumunyoza mmene ndingafunire, ndipo sindidaumire. Chisena chake cha m'sitima chinali chotsimphina, koma tinkamvana.

"Kwanu nkuti, bambo wopanda nkhoswe?"

"Ku Rusiya, agogo. Mzinda wake Simbiliski."

"Uli m'madzi kapena pamtunda?"

"Pamwamba pa phiri. Pansi pake pali mtsinje, Voliga. Shire uyu angakhale mwana wake."

"Shire mwana? Lowamoni tsono, ng'ona zikuuzeni zaka zake."

Adaseka, nkutola kamtengo kujambula pansi. Apa Voliga, akupita kumunsi. Apa phiri, mzinda pamwamba pake. Kuseri kwa phiri lomwelo kamtsinje kena, Siviyaga, ndipo kameneko akuti kamayenda chobwerera, kupita kumtunda. Mitsinje iwiri yogundana nthiti, wina uku wina uko, munthu nkusamba mu uwu nkukatsukuluza mu uwo thupi lisadaume. Ndidamuyang'ana. Ine ndidabadwira pamadzi, amayi. Ndidaonapo Ruo atakwiya akukankha Shire kumubweza m'dambo, koma ndi za masiku awiri, ndi ndewu. Zoti mtsinje ungabwerere chaka ndi chaka mwamtendere, ndidati bambo, mabodza enawa muziyamba mwawaphika.

Tsiku lachiwiri adawonjeza. Akuti nyengo yozizira Voliga amauma gwa ngati matalala amodzi aakulu, ngolo za akavalo nkumawoloka pamwamba pake, anthu nkuboola dzenje kuwedza nsomba atakhala pampando pakati pa mtsinje. Kukayamba kufunda, madziwo amasweka ndi phokoso ngati mizinga, zibenthu zazikulu ngati nyumba nkumagundana potsika, kenako chigumula nkumiza tsidya lonse lachigwa, mzinda uli phee paphiri pake kuonerera.

"Nanga madzi akauma choncho ng'ona zimapita kuti?"

"Kulibe ng'ona, agogo."

"Mvuu?"

"Kulibe."

Mtsinje woposa Shire wopanda ng'ona, amayi. Ndidamuuza Jowana kuti munthu uyu sadaonepo mtsinje kwawo, adabadwira pachitsime.

Koma zina zidandigwira pang'ono. Adati mzindawo udayamba ngati linga. Mfumu yawo yakale idalamula kuti azike mitengo ndi kukumba ngalande paphiripo, chifukwa kuchipululu kunkachokera anthu a pa akavalo odzagwira anzawo ukapolo. Pambuyo pake kudabwera chigawenga china ndi ngalawa zambirimbiri, chidazinga lingalo pafupifupi mwezi, osalilowa. Apo ndidakumbukira inu mukusimba za linga lija mudabisalamo nane kumsana, nthawi ya ogwira anthu. Munthu wongopeka sadziwa kuti m'linga chovuta si mivi koma madzi akumwa, ndipo iye adatchula zimenezo ndisadamufunse. Adasimbanso za moto umene udapsereza mzinda wonse bambo wake ali mwana, mphepo ikuuthamangitsa masiku angapo, mabelu a tchalitchi nkusungunuka. Za minda ya zipatso yotsetsereka kuchoka pamwamba mpaka kudooko. Za phirilo kuti nthawi zina limagumuka, nyumba nkutsetsereka nazo mbuzi zomwe. Za mlatho wachitsulo wa njanji umene iye mwini adakhomako misomali, wautali moti wathu wa ku Chiromo ungakhale chopondera chake. Kenako nkhondo ya pachibale, mbali yake nkugonja, iye nkuthawa, nkumasonkha moto m'sitima za panyanja doko ndi doko mpaka adatuluka ku Chinde.

Ndidamufunsa katatu, kanayi, mwezi wonse. Ndinkasokoneza dala. Ndinkati kamtsinje kaja kali kutsogolo kwa phiri eti, iye nkuti ayi agogo, kuseri. Mzindawo sudasunthe. Koma ndidati wabodza wanzeru amaloweza.

Kampira ndiye adavomera ukwati msanga, chifukwa Vasili adamukonzera mfuti yake ya gogodela imene idafa inu muli moyo. Amene adaima ngati nkhoswe yake anali mnzake wina wa m'sitima. Ine ndidakana mpaka mawu adasasa. Ndaona ana angati m'mbali mwa Shire muno a tsitsi lofewa, abambo awo adakwera sitima osatembenuka? Ukafuna kukadandaula upite kuti, kumudzi wa madzi ouma? Koma Jowana adali atasankha, ndipo mutu wake ndi wanu uja. Vasili adamanga nyumba pamudzi pathu ngati mkamwini aliyense, adagwira khasu mpaka manja adatuluka matuza. Adakumba dzenje pansi pa nyumba, ine nkumati akubisamo mfuti kapena mafupa a munthu. Tsiku lina atapita kuntchito ndidakasuzumira. Mudali mbatata. Akuti kwawo amasunga choncho. Madzi atabwera dzenjelo lidasanduka chitsime, achule nkumaimba pansi pa mphasa yawo.

Mwana adabadwa, wamkazi, adamutcha Dunya, dzina la mayi wake wa Vasili. Chaka chatha kudabwera kalata yochokera kwa mlongo wake, itayenda miyezi. Adaiwerenga pakhonde masana, misozi ikugwera m'ndevu. Njala ija tinkadya nyika, akuti kwawonso idaliko, yoposa yathu, ndipo idatenga mayi wake. Kenako adati mzinda wawo sukutchedwanso Simbiliski. Olamulira atsopano aupatsa dzina la mtsogoleri wawo amene adabadwira komweko.

"Ndidanena ine," ndidatero. "Mudzi wosintha dzina ngati mbava yothawa mlandu. Mawa mudzatiuza kuti phiri lija alisamutsa."

Jowana adandiyankha mwana ali kubere. "Agogo, nanga Nsanje azungu sakumutcha Potihelodi? Adasamuka?"

Ana a masiku ano.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachita osauza munthu. Ndinkamudzidzimutsa kuti aloze kwawo. Tonse tidamuona akuchokera kumunsi, njira ya ku Chinde, kumene azungu onse amachokera. Koma iye ankaloza kumtunda, pakati pa mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Ankati sitima idazungulira naye, koma mbalame itauluka molunjika ingadutse pamenepo, kupitirira dziko la Aluya, kupitirira nyanja zina. Ndidamuyesa kudimba, chimanga chitatalika kubisa mapiri. Ndidamuyesa m'ngalawa pakati pa bango, tsiku la mitambo, pamene ngakhale asodzi amasokera. Chala chake chinkapita pamodzimodzi, osaganiza nkomwe.

Sabata yatha adadwala malungo aja a mkodzo wakuda. Masiku anayi okha. Tsiku lachitatu masana, thupi likuwotcha, osazindikira ngakhale mkazi wake, akubwebweta m'chilankhulo chakwawo, ndidagwada pamphasa. Mundikhululukire, amayi, ndidamuyesabe munthu akufa. Ndidati, Vasili, kwanu nkuti? Dzanja lidadzuka lokha nkuloza khoma la kumtunda.

Atamwalira tidatumiza mawu kwa azungu a kuntchito kwake. Adayankha kuti si wa mtundu wawo, alibe mapepala, tione tokha. Jowana adagwada pamaso pa Kampira kupempha kuti mwamuna wake agone m'manda athu, asatayidwe kuthengo ngati wapaulendo. Kampira adalola. Vuto lidabuka okumba manda atafika ndi makasu, nkufunsa funso lawo lija: mutu uloze kuti? Inu mukudziwa kuti munthu ukamugoneka mutu osaloza kwawo, mzimu wake supeza njira. Umabwerera kunyumba, ndipo umayambira pa mwana wamng'ono.

"Kumunsi," adatero Kampira. "Tidamuona ndi maso athu akutsika sitima ya ku Chinde."

"Kumtunda," ndidatero ine.

"Mlongo, iwe womwe unkati munthuyu ndi wabodza?"

"Ndikutero mpaka lero."

"Nanga tsono? Kumtunda nkumene kwaloza mitu ya amayi ndi agogo. Ukufuna mzungu ayende njira imodzi ndi makolo athu? Akakafika kumeneko nkumubweza, abwerera kwa yani? Si kwa kamwanako?"

Anthu onse adayang'ana Dunya ali kumsana kwa mayi wake, akuyamwa chala. Okumba adatsamira makasu kudikira. Jowana adandiyang'ana. Ndidamuuza Kampira kuti iye adamudziwa Vasili tsiku limodzi, tsiku la mfuti, pamene ine ndidamuzonda zaka zinayi ngati kambuku pakhola. Za madzi ouma sindikudziwa. Za mtsinje wobwerera sindikudziwa. Koma pakamwa pamanama, dzanja la munthu amene wakomoka silidziwa kunama. Ndidatenga khasu m'manja mwa wokumba wamkulu, ndidalemba mzere pansi ndekha, mutu kumtunda, kupendekera pang'ono ku Mulanje. Kampira adalavula, nkunena kuti chikachitika chinthu kwa mwanayo, mlandu ndi wanga. Ndidati ndamva. Okumba adayamba kukumba.

Ndiye chifukwa chake ndakulemberani, ndi zilembo zokhota zimene ndidatola kukalasi ndili kale ndi imvi. Lero ndi tsiku lachinayi chimuikire m'manda. Dunya akudya, akusewera, koma dzulo adayetsemula kawiri ndipo ine mtima udaima. Ndimamugwira pamphumi mpaka Jowana wayamba kundibisira mwana.

Munthuyo ali m'manja mwanu tsopano. Inu mudali wochenjera kuposa ine, simudanamizidwepo ngakhale ndi ogulitsa mikanda. Muyang'aneni bwino. Ngati njira ya kumtunda ndi yakedi, muperekezeni mpaka pamene njira zanu zisiyana, muuze agogo asamutsekereze, ndi mkamwini, adalima munda wathu. Ulendo wake ndi wautali kuposa wanu, ndipo kumeneko sakudziwa aliyense.

Koma ngati adandipusitsa mpaka pamphasa yake yomaliza, ngati kumtundako kulibe phiri, kulibe mzinda, ndipo ayenera kubwerera, musamulole apite kunyumba ya Jowana. Mumuuze kuti mwana sadalembe mzere, Kampira sadalembe, okumba adangomvera. Mumulozere khomo langa. Ndasamutsa mphasa yanga, ndikugona pafupi ndi chitseko, ndipo sinditseka ndi mpiringidzo. Abwere kwa ine, tidzakambirane. Ndidamuzolowera kale.

Mapira akapsa ndidzakufululirani mowa, ndidzathira chipanda chimodzi kwa inu, china kwa iye, ngakhale Kampira anyinyirike. Ndimakukondani monga kale, amayi, ndipo mwanayu ndimuyang'anira mpaka tsiku limene adzandigoneke pambali panu.

Ndine mwana wanu,
Nsayi