Kachizindikiro ka pa Kaunjika

Chibavi, Mzuzu

Mng'ono wanga Esme,

Moni kumudziko. Kodi mwendo uja unaphwa? Nanga alamu anga chifuwa chinawasiya? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa Mzuzu kwandilowa m'mafupa. Akundilembera ndi mayi Tamara oyandikana nafe nyumba, ndipo ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Paja ndinakuuza kuti amayi a kutchalitchi tili ndi kagulu kosoka zidole za zitenje. Ndiye kunabwera mayi wina wa sitolo ya ku Ulaya, anazikonda chomene, monga amanenera kuno. Koma akuti kwawoko chidole sichilowa m'sitolo chopanda kachizindikiro kosonyeza kuti sichingapweteke mwana. Ndinakaona kachizindikiroko. Ndi tizilembo tiwiri, kena ngati mwezi wongooneka kumene, kena ngati chipeso cha mano atatu.

Kuti kakhalepo, chidole chimayamba chayesedwa. Akuti amachikoka maso, kuchiyandikiza kumoto, mpaka kufufuza utoto ngati ulibe poizoni. Tinatumiza zathu. Yankho linabwera lakuti mabatani a m'maso akuthothoka, mwana atha kumeza n'kutsamwidwa. Ndinanyinyirika, koma nditakoka ndekha batani linatsaliradi m'manja. Basi tinagwirizana kuti maso tizichita kupeta ndi ulusi, titumizenso, ngakhale zichedwe.

Apa m'pamene analowerera mkamwini wathu, bambo a Lusayo, amene amatiyendetsera za malonda. Akuti kudikira n'kwa anthu ogona, iwo apeza wogula wina wosafunsafunsa. Esme, ukudziwa zimene anachita? Anapita pa kaunjika n'kugula thumba la zidole zakutha, zaubweya zija, zolimba gwa ndi dovu la ana a eni ake. Anakhala pakhonde ndi lumo n'kumadula tinsalu tokhala ndi chizindikiro chija. Kenaka anatikhuthulira pamphasa panga, fungo lake guu, akuti ndisokerere pa zidole zathu za mabatani zomwe zinakanidwa zija, poti msoko wanga suoneka.

Ha, mwana wa mayi anga! Zinali ngati akundiuza kuti ndivule mtembo nsalu ndikakulunge khanda.

Ndi mkamwini sitiponyerana mawu, iwe ukudziwa, ndiye ndinatuma mkazi wawo Hilda akafunse ngati Lusayo wawoyo angamupatse chidole chotero kuti azigona nacho. Yankho linali lakuti ana a kutsidya kwa nyanja si athu, ndiponso munthu wodya m'nyumba mwawo asamasankhe ntchito. Hilda pondifikitsira mawuwo anangoyang'ana pansi, n'kuwonjezera kuti ndingosoka kuti m'nyumba mukhale mtendere. Mwana wobala ine ameneyo! Nanga kumeneko ana alibe amawo? Kukhosi kwawo n'kwachitsulo?

Tinsaluto ndinatiwolera m'thumba momwemo n'kukasiya pakhomo la kuchipinda kwawo. Amayi anzanga ndawauza zonse, ena akhumudwa, ena akuti ndawataya mwayi. Kunyumba kuno moni anatha. Akalowa bambo a Lusayo ine ndimatulukira khomo lakuseri, mbale yanga imabwera enawo atadya kale n'kusamba m'manja. Dzulo ndamva akuuza Hilda kuti chipinda changa chingathandize kusungiramo katundu.

Pempho langa ndi limodzi. Umuuze mwana wako Kumbukani akaone nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga ija, ayifolere mvula isanayambe. Ndikudziwa kuti chiswe chinalowa, koma ndakalamba, sindingayambe lero kusoka bodza kuti ndipeze pogona.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu onse. Denga likakanika usavutike, undiyalire m'khitchini mwako. Ndikubwera ndithu.

Ndine mkulu wako,
Nachisale