Mikoko ya Achimwene Anu m'Bafa Mwanga

Umoja, Nairobi

Okondedwa alamu anga a Immaculata,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Nanga amayi akupezako bwanji ndi mwendo uja? Ife kuno tilipo, kungoti achimwene anu anditopetsa.

Paja bungwe lawo limadzala mitengo kugombe la nyanja yamchere, kumene mafunde akudya mtunda. Mitengoyo kuno amati mikoko. Imamera m'matope, mizu yake imagwira dothi, ndipo nsomba zimaswana momwemo. Mwezi watha anabwerako ndi mbande m'zidebe, ndi matope ake omwe, ati akaonetse pamsonkhano wa anthu othandiza bungwelo. Msonkhano unasunthidwa. Ku ofesi anazikana chifukwa cha fungo. Ndiye zili m'bafa mwanga, zina m'chipinda cha alendo.

Alamu, madzi kuno amatuluka mwa apo ndi apo, koma yoyamba kumwa ndi mikoko. Mchere wanga wonse unathera m'zidebemo. Lily ndikumusambitsira kukhitchini. Lamulungu pochokera ku Misa tinapeza nkhanu ikuyenda pakhonde, mayi eni nyumba ataima pampando. Anatiuza kuti matope akapanda kuchoka, tichoka ndife.

Nditakalipa, bambo a Lily anangondionetsa pafoni manda a mudzi wina kugombeko, madzi atagumula mbali imodzi, anthu akutola mafupa a abale awo kuti akakwirire kumtunda. Anati thandizo likaima, mbali yotsalayo ipitanso. Zimenezi ndiye zinandikwiyitsa koposa. Munthu angakangane bwanji ndi manda?

Pano abwereranso kugombe, andisiyira malangizo ngati ndinalembedwa ntchito kubungweko. Ndinalumbira kuti mbandezo sindizikhudza. Koma dzulo nditaona masamba akufota, ndinapezeka ndili m'minibasi, kuno amati matatu, ulendo wa kumsika wa Gikomba kukasaka mchere wamibulu. Ndinabwerako mapazi atatupa, n'kufikiranso kusungunula mcherewo ndisanaphike n'komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi akukonzekera kubwera kuno mwezi wamawa. Chonde apezereni chifukwa chowachedwetsera mpaka msonkhano udutse, koma za mikoko musatchule. Sindingagoneke apongozi anga chipinda chimodzi ndi nkhanu. Komanso mukuwadziwa, akamva za manda aja adzaikira kumbuyo mwana wawo, zidebe n'kuchuluka.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume a Thomas, kwa bambo a kunyumbako ndi ana onse. Lily akuti azakhali ake asamuiwale.

Ndine mlamu wanu wonunkha matope,
Benedicta