Ndinawolotsa Edisoni ndi sutikesi yake

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Tandiuzani, inu amene tsopano simuopa munthu: anakhazikitsa ndani zoti boma likakusankhira maphunziro, iwe uzingowomba m'manja? Kuno aliyense akuti ndi mmene zimakhalira. Ndafunsa inu chifukwa ndinu nokha amene simungakandinenere kwa atcheyamani a chipani.

Mpunga tapeza ndithu chaka chino, ngakhale mbalame zinadya mbali ya kumadzi. Achemwali Elube abereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Khitchini ija ikudonthabe.

Fomu 4 ndakhoza, Amayi, ndipo fizikisi ndaposa onse. Ndinkafuna yunivesite ya kunja, kumene amaphunzitsa fizikisi ya masamu okhaokha, yofufuza chifukwa chake kuwala kumayenda momwe kumayendera. Andipatsa malo ophunzira uphunzitsi pa koleji ya ku Zomba konkuno. Kunjako atumiza Edisoni, uja wa ku chilumba cha Chisi amene ankagona kwathu pa holide n'kumadya mbatata zanu, ine ndikumuphunzitsa masamu omwewo.

Paja munkati, "Iwe nkhope yako sibisa kanthu, uzisukusula kaye usanapite pa anthu." Ndinasukusula. Atsibweni anandituma kukamutenga ku Chisi pa bwato lawo, akuti mnzako akamapita kutali umamuperekeza. Madzi aphwa, ndiye ndinakankha ndi nsungwi njira yonse, iye atakhala pa sutikesi, nsapato atazikumbatira kuti zisanyowe. Tili pakati pa nyanja Edisoni akuti ndimukumbutse za mafunde a kuwala, zimamusokonezabe! Ndinamufotokozera, Amayi, thukuta lili kamukamu. Titafika pa doko la Kachulu amayi ogulitsa matemba analuluta, wina n'kundiuza kuti, "Achimwene, tasenzani katundu wa abwanawa." Ndinasenza mpaka pa basi. Mulungu andikhululukire, ulendo wabwino ndinamufunira ndi pakamwa pokha.

Atsibweni akuti ndithokoze, uphunzitsi ndi ntchito. Sindikukana. Koma ndikalambe ndikuwolotsa anzanga?

Basi itanyamuka sindinabwerere kumudzi. Ndinabwereka njinga, kupalasa mpaka ku Zomba, n'kukagogoda pa ofesi ya mkulu wa fizikisi pa koleji paja, matope akadali m'miyendo. Ndinawapempha kuti alembe funso lililonse pa bolodi, ndikalikhoza andichotse ku uphunzitsi andiike m'kalasi mwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenako analemba funso n'kundipatsa choko. Nditamaliza kuliyankha sanalonjeze kanthu, angoti ndibwerenso Lolemba.

Ndipita, Amayi, ndipo ndikukulonjezani kuti pakhomo paja sindidzachoka mpaka anditsegulire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiyano