Nsalu ya pa Galasi la Azamba

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA ZAUMOYO YA MUDZI WA NACHOMBO, MFUMU YAIKULU KUNTUMANJI, ZOMBA

Tsiku: Loweruka, 19 Okutobala 1991
Malo: M'tchalitchi cha m'mudzi, kenaka kuseri kwa nyumba ya azamba

Opezeka: Bambo Wilisoni Mukhuna, Wapampando, Mayi Sophia Namathanga, Mlembi, Bambo Makisoni Likoswe, Msungichuma, Mayi Elenala Likoswe, membala, Mayi Virginia Nakhumwa, azamba a mudzi uno.

Mlendo: Bambo Medson Bizweki, mmisiri wa magetsi a dzuwa, wochokera ku bungwe la mpingo lomwe linatibwereka sola.

Opepesa: Mayi Emily Samsoni, amene ndi oyembekezera ndipo masiku awo akwana.

Osabwera osapepesa: Bambo Dunstan Muhariwa, amene anaoneka akupalasa njinga kulowera ku Songani ndi thumba la mpunga.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano mmawa, makhadi a chipani ataonetsedwa pakhomo monga mwa nthawi zonse. Mayi Nakhumwa anapemphera. Wapampando analandira a Bizweki ndi kuwayamikira kuti lero alawira, popeza maulendo awo onse am'mbuyomu ankatipeza dzuwa litapendeka kale, atapalasa njinga kuchokera ku Songani. A Bizweki anati ulendo uno anagona kwa mlamu wawo kutsidya kwa dambo.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. A Msungichuma anadandaula kuti mawu awo anafupikitsidwa. Mlembi anayankha kuti akanalemba onse, kope likanatha.

3. VUTO LA SOLA YA KWA AZAMBA

3.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti m'mwezi wa Ogasiti bungwe lija linaimika galasi la sola pamtengo kuseri kwa nyumba ya Mayi Nakhumwa, n'kuika batire ndi nyali imodzi yachubu m'chipinda chochiriramo amayi. Anatibwereka mongoyesa, ndipo ananeneratu kuti zikakanika kuno zipita kumudzi wina. Wapampando anati sabata yoyamba nyaliyo inkawala moti anthu ankachokera midzi yoyandikana kudzangoima panja n'kumayang'ana zenera. Kuchokera apo inayamba kufooka, ndipo tsopano imayaka kanthawi kochepa n'kuzima.

3.2 A Bizweki anati anabwerapo kawiri kudzaona. Mawaya anawapeza bwinobwino, galasi loyera mbee kuposa ena onse amene anaimika m'boma muno, koma batire lopanda mphamvu. Anati akuluakulu awo awauza kuti akapanda kupeza chifukwa chake lero, amasule zonse abwerere nazo. Atatero anaika chikwama cha masipanala patebulo.

3.3 A Msungichuma anati chifukwa n'chodziwikiratu. Anati anthu akunena kuti kwa azamba wailesi imalira tsiku lonse, ndiye batire lingakhale bwanji ndi mphamvu. Atafunsidwa kuti anthuwo ndani, anati anthu basi. Anapereka ganizo loti sola isamukire ku golosale yawo, komwe kuli denga la malata ndi chitseko cha loko, ndipo matenda a amayi akayamba azamba azitumiza munthu kudzabwereka batire. Mayi Likoswe anafunsa amuna awowo ngati mwana amadikira kuti golosale itsegulidwe. Wapampando analamula kuti zam'banja zikathere kunyumba.

3.4 Mayi Nakhumwa anapempha kulankhula. Anati wailesi yawo inatha mabatire pa Pasaka ndipo sanaiyandikitsepo ku waya aliyense. Mlembi wawaona azambawa m'mavuto ambiri osagwa nkhope, koma apa inagwa. Anapempha kuti zimene anene zilembedwe momwe zilili:

"Ana a m'mudzi muno ndawalandira koloboyi ali pambali, utsi uli m'maso. Mwana akabwera mchombo utam'zinga m'khosi, ndimadziwira zala, osati maso. Sabata yoyamba ija ndinkaona chilichonse. Ngati mukuchotsa, chotsani, koma musanene kuti sindinasamale. Ine pamsinkhu wangawu ndimakwera pamtondo mmawa uliwonse kukalifunditsa galasilo, madzulo n'kukweranso kukalivundukula."

A Bizweki anapempha kuti mawu omalizawo abwerezedwe. Atabwerezedwa, anapempha Wapampando kuti msonkhano usamukire kwa azamba nthawi yomweyo.

4. ZOPEZEKA KWA AZAMBA

4.1 Komiti inapeza galasi lili pamtengo pake, litafunditsidwa nsalu yoyera yopetedwa maluwa ofiira ndi mawu akuti TAKULANDIRANI. Pamwamba pa nsaluyo panali mphasa yomangidwa bwino ndi luzi kuti mphepo ya kunyanja isaiulutse. A Bizweki anakhala pamtondo paja n'kudziphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Poyamba komiti inaganiza kuti akulira. Zinadziwika kuti akuseka.

4.2 Mayi Likoswe anati nsaluyo anapeta ndi iwo, ndipo sakuonapo choseketsa. Anati m'nyumba ya munthu wolongosoka chinthu chamtengo wapatali sichikhala pambalambanda: wailesi imafunditsidwa, makina osokera amafunditsidwa, ngakhale Baibulo lili ndi kansalu kake. Nanga galasi lochokera kutali lingamakhale pafumbi ngati mbale ya nkhuku? Anaonjeza kuti nsaluyo anaidula mu golosale ya amuna awo. A Msungichuma anati iwo ankayesa kuti ikupita patebulo la kutchalitchi.

4.3 Wapampando, atakhosomola kangapo, anati mphasayo ndi yawo. Anati iwo ndi msodzi kuyambira ubwana wawo, ndipo aliyense pa Chilwa pano amadziwa kuti bwato ukalisiya padzuwa la Okutobala losafunditsa udzu limang'aluka. Ngati dzuwa limang'amba mtengo, kuli bwanji galasi. N'chifukwa chake analangiza azamba kuti azilifunditsa dzuwa likamatuluka, n'kulivundukula madzulo pamene kuwala kukufunika m'nyumba. Zilembedwe kuti komiti yonse imadutsa pakhomo limeneli tsiku ndi tsiku, ndipo yakhala ikuyamikira kuti nsaluyo ndi yokongola.

4.4 A Bizweki atapuma anavomera kuti tsiku loimika lija ananena mawu amodzi okha amene anamveka, akuti "samalani". Ena onse anamira m'nthungululu za amayi ndi m'mawu a Wapampando, omwe sanali aafupi.

5. MMENE SOLA IMAGWIRIRA NTCHITO

5.1 Nsalu ndi mphasa zitachotsedwa, a Bizweki anafotokoza, ndipo ulendo uno amayi anapemphedwa kuti nthungululu zidikire. Anati galasilo siliwalitsa nyumba lokha. M'kati mwake muli timagawo takuda tambirimbiri timene kuwala kwa dzuwa kukatifika timatulutsa magetsi. Magetsiwo amatsika ndi waya kulowa m'kabokosi ka pakhoma, komwe ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopitirira kapena kuphwa kotheratu. Batire limasunga magetsi monga mtsuko usunga madzi: masana limadzaza, madzulo nyali imatungamo. Anati chimene takhala tikuchita n'kutunga tsiku ndi tsiku mumtsuko umene palibe akuthiramo.

5.2 Wapampando anafunsa ngati galasilo silingang'aluke ndithu. A Bizweki anati analipangira dzuwa ndi mvula, ndipo adani ake ndi mthunzi, fumbi ndi zitosi za mbalame. Lizipukutidwa ndi kansalu konyowa mmawa lisanatenthe, ndipo nthambi ya mtengo wa bwemba imene yayamba kulendewera chakumeneko idulidwe.

5.3 Wapampando anafunsanso ngati madzi a m'batire akachepa angathiremo a m'nyanja. A Bizweki anaimirira n'kukana katatu. Anati madzi a Chilwa ali ndi mchere ndipo angaphe batire. Iwo asiya botolo la madzi ake oyenera, ndipo pasapezeke wina wolimwa.

5.4 Mayi Likoswe anafunsa za masiku a mitambo. A Bizweki anati magetsi amabwerabe koma ochepa, choncho nyengo ya dzinja nyali iziyatsidwa pokhapokha pali matenda. Anakumbutsa komiti ubwino wake: sikufunika parafini, amene masiku ano akusowa ngakhale ku Songani, palibe utsi wolowa m'chifuwa cha khanda, palibe lawi la moto pansi pa denga la udzu, ndipo mzamba amagwira ntchito ndi manja onse awiri.

5.5 A Bizweki anati sangalonjeze kanthu asanaone ngati batire silinafe chifukwa chokhala nthawi yaitali lopanda kanthu. Pa kabokosi paja pamayaka kanyali kofiira mphamvu zikachepa. Kakazima lero lomwe, sola ikhala. Kakapanda kuzima, masipanala agwira ntchito. Komiti inagwirizana zodikira. Mayi Likoswe anabweretsa thobwa. A Msungichuma anakamba za mtengo wa sopo, koma palibe amene anawamvera. Mayi Nakhumwa sanamwe thobwa, ankangolowa ndi kutuluka m'nyumba.

5.6 Dzuwa litayamba kupendeka, Mayi Nakhumwa anatuluka n'kuima pakhomo, dzanja lili pakamwa. A Bizweki analowa, ndipo atatuluka anati kofiira kazima, kwayaka kobiriwira. Anati batire lidzaza bwino pakapita masiku angapo, koma lero lomwe nyali iyaka. Apa nthungululu zinaloledwa. Wapampando anavina, zimene komiti sinazionepo chiwasankhireni. Mlembi anaika kope pansi kwa kanthawi, choncho zina zimene zinanenedwa sizinalembedwe.

6. ZOGWIRIZANA

(a) Sola ikhala kwa Mayi Nakhumwa. A Bizweki akanena kwa akuluakulu awo kuti vuto linali kusamala kopitirira.

(b) A Msungichuma anabweza ganizo lawo. Anavula chipewa n'kupepesa kwa azamba pa nkhani ya wailesi ija. Mayi Nakhumwa anati akhululuka, bola iwo azamba asakwerenso pamtondo. Komiti inagwirizana kuti popeza a Msungichuma ndi aatali, azipukuta galasi Loweruka lililonse. Mayi Likoswe anati aziwadzutsa.

(c) Wapampando adule nthambi ya bwemba ndipo atenge mphasa yawo ikafunditse bwato.

(d) Palibe amene afunditsenso galasi, kaya nsaluyo ndi yokongola bwanji.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Mayi Likoswe anafunsa kuti nsalu yawo ichitidwe chiyani, popeza inawatengera masabata kupeta. Nkhaniyi isanathe, apongozi a Mayi Emily Samsoni anafika akupuma mwawefuwefu kudzanena kuti matenda ayamba ndipo akubwera nawo panjinga. Mayi Nakhumwa anauza abambo onse kuti achoke pakhomo pawo, Wapampando ndi mlendo omwe. Abambo anamvera mosatsutsa, ndipo msonkhano unakathera pamsewu.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Komiti idzakumananso Loweruka pa 16 Novembala 1991, m'tchalitchi. A Muhariwa adzafotokoze za mpunga wawo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo ndi pemphero lalifupi, anthu ali chiimire.

ZOONJEZERA, zolembedwa Lamulungu mmawa mwa chilolezo cha Wapampando: Mayi Samsoni achira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Mayi Nakhumwa atuma Mlembi kuti alembe kuti mwanayu anabwera mchombo utam'zinga m'khosi, ndipo anauona ndi maso n'kuuchotsa msanga. Nyali sinazime mpaka ntchito yonse inatha, ndipo koloboyi sanamukhudze n'komwe. Nkhani ya pa 7.1 yatha yokha: Mayi Likoswe anachapa nsalu ija dzulo lomwe, ndipo Mlembi wakamuona mwanayo atakulungidwamo, akugona.

Wosaina: Wilisoni Mukhuna, Wapampando

Wosaina: Sophia Namathanga, Mlembi