Igupto wa ku Madzimoyo

Kapata, Chipata
22 Sepitembala 2024

Okondedwa asisi a Lettie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Keith kumeneko ku Mangalande. Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kutentha ndipo magetsi akumabwera mwa apo ndi apo. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Pafoni mumandidula mawu inu, ndipo ine ndikangomva mawu anu ndimayamba kuseka n'kuiwala chomwe ndimafuna kunena. Jesca wa kwa aneba akubwerera kumeneko sabata ino, ndiye ndamupatsira kalatayi pamodzi ndi nsinjiro zanu. Nkhani yake ndi imodzi yokha: ndikufuna mubwere kumudzi Disembala uno. Werengani mpaka kumapeto musanayambe kundiuza za mashifiti a kuchipatala.

Zithunzi zanu za ku Igupto zinafika. Koma asisi, munakafikadi! Ndinakuonani pangamila, mutagwira chingwe ndi manja onse, nkhope ili gwa ndi mantha. Ndinaona alamu akuyendetsa galimoto yahaya m'chipululu kuchoka ku Giza kupita ku Sakara, inu mutatulutsa mutu pawindo. Nsanje inandigwira, sindibisa. Munalemba kuti ndiwaonetse Atate, ndiwauze kuti mwana wawo wakafika m'malo mwawo. Ndinawaonetsa.

Apa ndinene chomwe ndakhala ndikuchizungulira. Mukaimba ine n'kunena kuti "agona" kapena "ali kutchalitchi", nthawi zambiri amakhala ali pakhonde pomwepo. Matenda oiwala aja akula. Chikololereni chimanga sananditchulepo dzina. Amanditcha "amayi a nyumba ino", ndipo amandithokoza mwaulemu chifukwa chowasunga. Tsono zithunzi zanuzo anaziyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Kenaka analoza inuyo n'kufunsa kuti, "Kodi dona uyu ndani?" Nditati ndi Lettie, anapukusa mutu. "Lettie ndi mwana. Ndipo awa si mapiramidi athu. Athu ndi ofiira."

Ndinathawira kukhitchini kukalira. Ndili komweko ndinayamba kuseka ndekha, misozi ili mbwe, chifukwa ndinazindikira zomwe amanena.

Mukukumbukira Ngamila, kagalimoto kathu kobiriwira kaja, kamene chitseko chakumbuyo tinkamanga ndi mphira? Masukulu akatseka mu Ogasiti, Atate ankaimirira patebulo n'kulengeza ndi mawu awo a m'kalasi kuti, "Mawa banja lino likupita ku Igupto." Munthu wophunzitsa ana mbiri yakale moyo wake wonse, koma osapitirirapo Lusaka. Ankadula mbatata pakati, kuinyika mu inki, n'kutidinda padzanja kuti ndiye pasipoti. Amayi ankanyamula thobwa m'chigubu, uku akudandaula kuti petulo akupsera zachibwana, koma ndi iwo ankayamba kulowa m'galimoto. Tikafika pamlatho wa Lutembwe, Atate ankaliza hutala n'kuti, "Vulani zipewa, tikuwoloka Nailo." Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndinakakangana ndi aphunzitsi a giredi 3.

Ndiye ku Madzimoyo, kuseri kwa dambo lija, mauvuni a njerwa atasanjidwa m'masitepe, kufiira psuu. Atate ankatiimika pamzere n'kutifotokozera za Farao, za miyala yokokedwa ndi zingwe, za Yosefe ndi nkhokwe zake. Achimwene a Boaz ankamvetsera, ine ndinkadya, inu munkakwera. Chaka chilichonse munkakwera mpaka pamwamba n'kukhala mwendo pa unzake, ati ndinu mwana wa Farao ndipo simutsika mpaka wina akugwadireni. Makani anu sanayambe lero.

Pobwerera, Ngamila sinkalizidwa Atate asanatigwire pamutu mmodzimmodzi n'kutchula dzina. Amayi ankati, "Ana atatu okha mpaka kuwawerenga ngati mbuzi?" Iwo ankayankha kuti, "Mose sanasiye munthu ku Igupto."

Loweruka lapitali ndinapempha bambo a kunyumba kuno, a Mandla, kuti atitengere ku Madzimoyo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma mukuwadziwa, sakana. Ndinadula mbatata. Inki sikupezeka masiku ano, ndiye ndinanyika mu polishi wa nsapato. Nditawauza Atate kuti tikupita ku Igupto, anapereka dzanja okha, osafunsa kanthu. Kenaka anakavala jekete yawo yabulauni ija ankavala pophunzitsa ku Tamanda, kutentha konseku.

Njira yonse anangoyang'ana kutsogolo, manja pamaondo. Ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndikuvutitsa nkhalamba pachabe. Nailo wathu chaka chino ndi mchenga wokhawokha, mvula inatithawa. Koma matayala atangogunda mlatho, ndinamva kuchokera kumpando wakutsogolo: "Vulani zipewa." A Mandla anavula kapu yawo msangamsanga, galimoto mpaka kugwedezeka.

Dambo lija anamangamo nyumba, koma chapatsogolo pang'ono anthu akuumbabe. Tinapeza mauvuni awiri opsa kale, wina waukulu kwambiri, ndi umodzi ukufuka. Mwini wake, a Petulo, poyamba ankayesa tabwera kudzagula. Nditawafotokozera, anangoti, "Aloleni aone, mayi," n'kutibweretsera benchi. Atate benchiyo sanaifune. Anaimirira mowongoka, dzanja limodzi kumbuyo, n'kuyamba phunziro. Asisi, sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Farao, zingwe, Yosefe, zonse m'malo mwake. Munthu amene m'mawa womwewo anandifunsa ntchito ya supuni. Oumba njerwa anasiya zikombole n'kudzaima nafe, matope ali m'manja, ndipo wina atafunsa ngati Farao ankawalipira anthuwo, Atate anati, "Funso labwino, khala pansi."

Tinamwa thobwa. Sindinalipange bwino ngati la Amayi, linachepa chimera, koma anamaliza kapu yonse.

Dzuwa litapendeka ndinati tizipita. Tinafika pagalimoto, Atate n'kuima pachitseko. Anagwira a Mandla pamutu, bambo wa imvi zake, n'kuti, "Boaz." A Mandla anayankha kuti, "Ndilipo." Kenaka dzanja lija linabwera pa ine. "Tamiwe." Asisi, ndinalimva dzina langa pakamwa pawo.

Dzanja linapita kachitatu, n'kupeza mphepo. Analiyang'ana, n'kuyang'ana m'galimoto, kenaka anatembenuka kubwerera ku uvuni waukulu uja. Anaika dzanja pamphumi n'kuyang'ana pamwamba.

"Lettie, tsika. Dzuwa lapita."

Ndinawauza kuti munakula, muli ku Mangalande, ndinu anesi. Sanandimve n'komwe. Anazungulira uvuni wonse akuitana, osakalipa, ndi mawu onyengerera aja. Mpaka anati, "Chabwino, mwana wa Farao, ndagwada," n'kuyamba kupinda bondo pafumbi. A Petulo ndi amene anawagwira mkono. Tinayesa zonse kuti alowe m'galimoto, iwo kukana. "Pitani inu. Ine sindisiya mwana kuno."

Pomaliza ndinati, "Atate, asisi akana kutsika lero. Tiyeni, ndidzabwera ine kudzawatenga." Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Ukulonjeza?" Ndinalonjeza. Apo anavula jekete ija, kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa sitepe yoyamba ya njerwa. Anati kukada kumazizira ndipo mwanayo sanavale juzi. A Petulo anandinong'oneza kuti aisunga m'nyumba mwawo mpaka mwanayo adzabwere.

Dzina langa analiiwalanso tisanafike ndi ku Chipata komwe. Ndabwerera kukhala amayi a nyumba ino, ndipo palibe kanthu, ndinalimva kamodzi. Koma inu sanakuiwaleni. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, amandifunsa ngati kwapita munthu kukatenga mwana ku Igupto. Galimoto ikaima pageti amadzuka. Adokotala akuti zoterezi zimatha kukhala miyezi ingapo kenaka n'kuzimiririka nazonso, ndipo zikapita sizibwerera.

Ndikudziwa kuti tchuthi chanu munachithera ku ulendo uja, ndipo sindikukudzudzulani, munapitira iwo omwewo. Ndikudziwanso kuti chiikireni Amayi m'manda nyumba ino imakulemerani kulowamo. Sindingakulonjezeni kuti mukabwera adzakuzindikirani. Mwina adzakufunsani kuti dona ndinu ndani. Koma ndaganiza kuti tidzapite nanu ku Madzimoyo, mudzakwere ngakhale masitepe awiri okha ndi maondo anu a masiku anowo, iwo adzakuitaneni, inu mudzatsike. A Petulo akuti uvuni waukuluwo ayamba kuuphwasula mvula ikayandikira, koma atisiyirako mbali imodzi mpaka Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Keith, muwauze kuti chipewa chawo cha m'chipululu ndinachiona pazithunzi chija asadzabwere nacho kuno, ana adzawaseka. A Mandla akupereka moni. Achimwene a Boaz ndalankhula nawo, akuti adzakuchingamirani ku Lusaka n'kubwera nanu pamsewu. Amayi a Agnesi a kukwaya akuti mukadali ndi malo anu kumbali ya alito.

Atate ali pompano pakhonde pamene ndikumaliza. Ndawauza kuti ndikulembera Lettie, n'kufunsa ngati ndiikemo moni wawo. Akuti, "Moni wa chiyani? Muuze atsike, tikumudikira."

Ndine mng'ono wanu,
Tamiwe