Bere pa Khoma la Holo

Lachiwiri, 3 Juni 2025

Akuntchito andituma ku Evington, muno mu Leicester, kukalemba mndandanda wa mapepala a Mayi Hazel Kinnear, a zaka 81, ochokera ku Scotland, amene tsopano akukhala kwa mwana wawo. Mabokosi khumi ndi anayi. Ndinayembekezera fumbi ndi chisokonezo. M'malo mwake ndapeza pepala lililonse lili ndi deti. Pa zaka 23 zimene ndakhala ndikusunga zolembedwa ku Wigston sindinaonepo zotere, moti ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.

Ntchito yawo ku Edinburgh inali ya mlengezi. Ankalemba mibadwo ya mabanja, ankakonza zizindikiro zojambulidwa pa zishango, ndipo pa masiku akuluakulu ankavala malaya ofiira ndi agolide n'kuima pamsika kuwerenga mokweza mawu a ufumu. Analowa mu ofesiyo ali ndi zaka 19 ngati wotayipa makalata. Akuti: "Zaka khumi zoyamba ndinkaphikira tiyi amuna amene ndinkawakonzera zolakwa zawo."

Lachinayi, 5 Juni

Bokosi lachisanu ndi chimodzi muli chithunzi cha tsiku lawo loyamba kulengeza. Malaya anasokedwera mwamuna wamtali, iwo akuwafika m'maondo, ndipo chipewa chili m'mwamba, mphepo itachitenga. Akuti sanaphonye ngakhale liwu limodzi. Ndaseka pa nthawi ya ntchito. Zimenezi sizichitika.

Ndinawauza za ukwati wa mwana wanga Michelle ndi Lumbani pa 14. Ndinaonjeza zimene sindiuza munthu: Michelle anabadwira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo dzina la mayi wa agogo ake salidziwa. Chimwalirireni mkulu wanga, wodziwa maina a makolo athu ndatsala ndekha.

Mayi H. anati: "Bweretsani mainawo Lolemba. Chishango chovomerezeka sindingakupatseni, mphamvu imeneyo ndinaisiya ndi ofesi. Koma mibadwo ndilemba, chithunzi ndijambula pamwamba, ndipo pa ukwatipo ndidzawerenga ndekha."

M'basi ndamwetulira munthu wosamudziwa.

Lachisanu, 6 Juni

Ndavina m'khitchini. Ndikulemba kuti mbiri ikhale yoona. Amuna anga, Bambo Dunstan, anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Amake Michelle, tiitane ambulansi?"

Lolemba, 9 Juni

Ndinapita ndi maina asanu ndi awiri, olembedwa bwino, kuyambira Nachisale wa ku Dedza mpaka Michelle. Mayi H. anawerenga kawiri, kenako anatembenuza pepala kuona kuseri.

"Nanga abambo ali kuti?"

Nkhope inanditentha ngati mwana wa sukulu amene walemba mayeso a kalasi ina. Iwo zaka makumi anayi ankatsata mzere wochokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, akazi akulembedwa m'mbali ndi zilembo zing'onozing'ono. Ndinafotokoza kuti kwathu mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo mwamuna amachita kubwera pamudzi kudzakwatira.

Anayang'ananso pepala lija. Kenako anamenya tebulo mpaka supuni inagwa. "Ndiye kuti amuna ndiwo alembedwe m'mbali! Ndadikira pepala lotere moyo wanga wonse. Mzere umenewu mumautcha chiyani?"

Ndinati timati anthu a bere limodzi. Anafunsa tanthauzo la bere. Ndinayang'ana kudenga, koma ndinawauza, pakuti sindinama pa nkhani ya zolembedwa.

Maso awo anawala. "Mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti chimene mawu akunena ndicho timajambula. Banja la dzina la nkhandwe timalijambulira nkhandwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma anali atayamba kale kufunafuna utoto.

Lachiwiri, 10 Juni

Bere. Pa khoma la holo ya mpingo. Pamaso pa abusa ndi asewere ochokera ku Nottingham.

Lachitatu, 11 Juni

Ndaimba foni ku Evington. Mwana wawo akuti amayi adzitsekera kuchipinda ndi utoto, akuimba nyimbo, ndipo aletsa aliyense kulowa, ine makamaka.

Bambo Dunstan aseka mpaka kutsokomola. "Mwafunsa ngati ajambule limodzi kapena onse awiri?" Ndinapita kubafa, ndinatseka chitseko, n'kuseka inenso mpaka misozi.

Ndalingalira zowalembera kalata yaulemu yothetsa zonse, ndipo ndinaiyamba. Koma ndikatero, Nachisale ndi ana ake adzalowa nane m'manda a ku Leicester, Michelle asanamvepo maina awo. Kalata ija ndang'amba. Abusa aone zimene aone.

Lachisanu, 13 Juni

Ndasita diresi kawiri. Ndaika magalasi m'firiji. Ine amene!

Lamulungu, 15 Juni

Za dzulo, mwa ndondomeko yake.

Mayi H. anafika pa nthawi, okhawo mwa alendo onse, atavala jekete yofiira, pakuti malaya a ulengezi ndi a ofesi. Chithunzi chinali pakhoma, chophimbidwa ndi nsalu. Anthu atadya, woyendetsa mwambo anawapatsa maikolofoni. Anaiyang'ana ngati foloko yosatsuka n'kuibweza.

Anakoka nsalu. Ine ndinatsinzina. Nditamva amayi akuti "Eee, kukongola!" ndinatsegula diso limodzi.

Anajambula mbalame. Vuwo woyera ali pachisa, wawerama, akudyetsa ana ake kuchokera pachifuwa pake. Anandiuza pambuyo pake kuti m'ntchito yawo chizindikiro chimenechi n'chakale kwambiri, ndipo anachiganizira Lolemba lomwelo ndisanamalize n'komwe kulankhula. "Koma nkhope yanu inali yosangalatsa kwambiri kuti ndikuuzeni msanga." Munthu wa zaka 81!

Kenako anawerenga. Sindikudziwa kumene thupi laling'ono lija limasunga mawu otere. Ana amene ankathamanga kumbuyo anaima. Nachisale anamutchula kuti Nakisale, ndipo holo yonse inawakonza pamodzi. Anabwereza molondola, nthungululu n'kulira. Dzina lililonse nthungululu yake. Amuna onse analembedwa m'mbali ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo Bambo Dunstan anachita kuvala magalasi kuti adzipeze. Pomaliza anatchula mwana wanga ndi ine: "Michelle, mwana wa Keturah." Pansi pake anasiya malo opanda kanthu.

Anthu akuvina, ndinapeza Michelle ataima yekha pa chithunzipo, chala chili pa dzina lapamwamba, milomo ikuyeserera. Anatembenuka, ndipo ndinakonzeka kumva Chingerezi.

"Amayi," anatero, mawu akuphotchoka pang'ono, "Nachisale ameneyu anali ndani?"

Ndinakoka mipando iwiri.