Tchizi cha Mbuzi Pamwamba pa Furiji

Ellenbrook, Perth

Wokondedwa mlongo wanga Tisungeni,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo la alamu lija linasiya kutupa? Nanga mvula ikutani ku Mponela, chimanga chamasula? Kuno tilipo tonse, ndipo mawu akuti tonsewa ndawalemba ndi mtima wonse, chifukwa panatsala pang'ono kuti tichepe ndi mmodzi, mwana amene mlamu wako Nkandu akuyembekezera.

Usandiseke kuti ndalemba pamanja ngati mwana wa sukulu yogonera konko. Ndinayesa kujambula mawu pa foni, koma ndikafika pakati ndimangofufuta. Komanso Amayi ukuwadziwa, amamva ngakhale zonong'onezana kuseri kwa khoma. Ndiye ndapatsira a Overstone, anzanga akuntchito, amene akubwera kumudziko kutchuthi.

Chibwerereni kuno, Amayi akhala akumusamala Nkandu ngati dzira. Samulola kunyamula ngakhale dengu la zovala. Ine ndikakwera ndege kupita kumgodi ndinkagona tulo tabwino, podziwa kuti kunyumba ndasiya anthu ogwirizana.

Tsono mimba iyi inabwera ndi chilakolako chake, tchizi cha mkaka wa mbuzi. Ndi chofewa, choyera, koma fungo lake, mlongo wanga, ine ndimangoona tonde wa amalume uja ataima pakhomo. Kuchipatala anamuuza kale Nkandu kuti woyembekezera asadye tchizi chofewa pokhapokha chitaphikidwa mpaka kutuluka nthunzi. Akuti nthawi zina mumakhala kachilombo kotchedwa listeria, kamene wamkulu amangodwala nako pang'ono, koma mwana wa m'mimba kamatha kumupha. Iye anagula kumsika wa alimi, n'kuika mufuriji, kudikira kuti kunja kuzizireko ayatse uvuni. Mwezi wa February kuno dzuwa lake n'loti la ku Nsanje likuchepa.

Amayi ankamuona akutsegula furiji, kuyang'ana kaphukusiko, kumeza malovu, n'kutsekanso. Chifundo chinawagwira. Kwa iwo wapakati samanidwa chimene mtima wake wafuna, komanso sadya zozizira kuopa kuti mwana angazizidwe. Atamva kuti chinthucho n'chamkaka, anangoti basi ndi chambiko cha azungu, ndipo chambiko sichikoma chikakhala pozizira. Anachitulutsa, kuchotsa pepala lake, kuika m'mbale, kuvundikira ndi kansalu, n'kuchikweza pamwamba pa furiji pomwe pamafunda.

Nkandu atachisowa anaganiza kuti Amayi ataya chifukwa cha fungo, ndipo anachita manyazi kufunsa. Chinakhala pamenepo masiku angapo mpaka chinachita chuku. Amayi anapala chukucho bwinobwino ndi mpeni, kupaka chotsalacho pa buledi, kupanga tiyi, n'kumupititsira mpongozi wawo pampando. Kenako anakhala pambali pake akumwetulira, kudikira kuti aone akudya.

Nkandu atangoona mbaleyo anadziwa. Koma iwe, mbale ya apongozi ungaikankhe bwanji iwo ali pomwepo, nkhope ili ngwee? Kwawo ku Kitwe anamulanga kuti chimene apongozi akupatsa umalandira ndi manja awiri. Anadya zonse, n'kuomba m'manja kuthokoza. Nditamva zimenezi ndinakwiya, sindikubisa. Munthu wa madigiri awiri kuika moyo wa mwana pachiswe chifukwa cha ulemu! Koma nditadzifunsa ngati ine ndinawakanirapo Amayi chakudya chibadwire, mkwiyo wanga unasowa poima.

Patapita masiku anayamba kutentha thupi ndi kuphwanya msana. Amayi anati ndi malungo, n'kumafufuza m'chikwama mwawo mapiritsi otsala a kumudzi, pomwe kuno malungo kulibe. Nkandu atanena kuti mwana sakusuntha monga mwa masiku onse, anaimbira Susan, mnzake wa kutchalitchi, amene anawathamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Ine foni inandipeza ndili kumgodi, girizi wa makina ali m'manja. Abwana anandipezera malo pa ndege yotsatira, ndipo ulendo wonse ndinkakambirana ndi Mulungu ngati munthu wopempha pamlandu.

Ndinamupeza ali pa dilipi ya mankhwala, magazi atamutenga kale. Anatiuza kuti zotsatira zimatenga masiku, chifukwa amadikira kuti aone ngati kachilomboko kamera m'magaziwo. Dokotala atafunsa mmene tchizicho chinasungidwira, Nkandu ananama kuti anachiiwala yekha patebulo. Amayi anakodola Susan kuti awauze zimene zikunenedwa. Atamva anaimirira, kukonza chitenje chawo, n'kunena kuti mwanayu akuwabisira mlandu, anachitulutsa ndi iwo, anapala chuku ndi iwo, anamudyetsa ndi iwo.

Dokotalayo sanakalipe. Anafotokoza mofatsa, ine ndikumasulira. Anati tchizi chofewa chimakhala mufuriji nthawi zonse, m'kati kwenikweni osati pachitseko, chokulungidwa m'pepala lake n'kuikidwa m'kabokosi kotseka, ndipo chikatsegulidwa chisapitirire sabata. Anati kunja chisakhalitse, makamaka kukamatentha chonchi. Anatinso chikachita chuku n'chotaya chonse, chifukwa zimene ukupala ndi zapamwamba chabe, mizu yake imakhala italowa kale m'kati. Tisungeni, ntchito yomasulira imeneyi sindidzaiiwala. Liwu lililonse lotuluka pakamwa panga ndinkaona likuwalasa mayi anga, koma iwo ankangogwedeza mutu kuti pitiriza.

Masiku odikirawo Amayi sanadye. Ankakhala pampando wa m'khonde la chipatala ndi buku lawo la nyimbo, osaimba, kungolisisita.

Tsopano tamva uthenga wabwino. Magazi anatuluka oyera, kachilombo kaja mulibe. Kutentha thupi kunachokera ku matenda a m'chikhodzodzo, amene akuti amagwira azimayi oyembekezera ambiri, ndipo mankhwala aja anawathetsa. Mwana akukula bwino, akuponda nthiti za mayi ake ngati akusewera mpira. Dokotala anangotichenjeza kuti thupi la Nkandu likadzatenthanso mwana asanabadwe tidzathamange osadikira. Ine mchimwene wako, amene ndimadzitcha mwamuna wolimba, ndinakalira m'galimoto mpaka mlonda anagogoda pawindo kufunsa ngati ndili bwino.

Koma Amayi nkhani ya magaziyi sinawafike pamtima. Titafika kunyumba analongedza chikwama chawo, n'kundiuza kuti ndisinthe tikiti azipita mwana asanabadwe. Akuti manja amene anatsala pang'ono kumupha asadzamugwire. Anasiya kuphikira Nkandu, ndipo pofuna madzi akumwa ankayamba apempha chilolezo chotsegula furiji. Ine ndinayankhula mpaka malovu kuuma, osaphula kanthu.

Amene anapeza nzeru ndi Nkandu. Dzulo popita kusikelo anati sakwera galimoto Amayi akatsala. Tili m'chipinda anapempha nesi kuti akweze mawu a kachipangizo komvera mtima wa mwana. Phokoso lake linadzaza chipinda chonse, kugunda mofulumira ngati atsikana awiri akusinja mumtondo umodzi. Amayi anafunsa ngati ameneyo ndi iyeyo. Nditavomera anapempha kuti nesi asachotse kaye.

Kenako anachita chimene sindinaonepo. Anagwada pansi pamaso pa mpongozi wawo kupepesa. Nkandu naye, mimba ili uko, anayamba kutsetsereka pabedi kuti agwade nawo, nesi n'kumakuwa kuti amayi mukupita kuti. Tonse tinaseka misozi ili mbwee. Pamenepo Nkandu anawauza m'Chinyanja chake cha m'tauni chija kuti ulendo wina akadzaona cholakwika adzanena, sadzameza chifukwa cha mantha, koma iwonso amvetse chinthu chimodzi. Anati mwana ameneyu madzi ake oyamba kunyumba adzamusambitsa ndi agogo ake, apo ayi adzakhala osasamba mpaka adzayambe sukulu.

Tsono pano m'pamene pali pempho langa. Chikwama chija chikadali pafupi ndi chitseko. Zipi atsegula, koma zovala sanatulutse. Iwe ndiwe mzime, mawu ako amalowa pamene athu amabwerera. Kalatayi ikangokupeza uwaimbire. Usawadzudzule, usawaseke monga umachitira, ndipo za tchizi usatchule n'komwe. Ungowafunsa kuti mdzukulu adzamusambitsira m'beseni lotani, ndiponso nyimbo iti imene ankatiimbira ife potipukuta. Ukatero uwauze mosapita m'mbali kuti kumudziko palibe amene akuwadikira mwezi uno. Amene akuwadikira ali kuno, ali moyo, ndipo anamumva okha ndi makutu awo.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Msaiwale ndi azakhali, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Nkandu akuti akukusowa kwambiri. Mulungu amene watisungira kamwanaka akusungeni inunso, ndipo mutiikebe m'mapemphero mpaka tidzamve kulira kwake.

Ndine mlongo wako,
Hopewell